Kuphunzira kuyendetsa thiraki ku America: kulipira nokha, kupita ku koleji, kapena kuphunzitsidwa ndi kampani?

Pa sukulu yomwe ndinaphunzirako tinalipo ophunzira asanu ndi mmodzi pa thiraki imodzi. M'mawa uliwonse mphunzitsi ankandandalika timapulasitiki tosongoka tija pabwalo, mmodzi wa ife n'kukwera kuti abweze thirela chambuyo mpaka ilowe pakati pa timapulasitikito osagunda ngakhale kamodzi. Enafe tinkaima pambali, manja m'matumba, kudikira nthawi yathu. Pepala lomwe ndinasaina polipira fizi linkati maphunzirowo ndi a maola 160, ndipo sikuti ananama ayi, maolawo tinakhaladi pasukulupo. Koma nditakhala pansi kuwerengera nthawi yomwe manja anga anagwira chiwongolero, ndinapeza kuti yambiri ndinaithera kuonerera anzanga.

Anthu omwe amandifunsa za ntchito ya mathiraki kuno ku America amakonda kuyamba ndi funso lakuti, "Sukulu yotchipa ndi iti?" Sindiwadzudzula, ndalama n'zovuta kupeza. Komatu laisensi yomwe mukufunayo, CDL, yoyendetsera magalimoto akuluakulu a malonda, siiperekedwa ndi sukulu. Imaperekedwa ndi state (chigawo cha America chokhala ndi boma lake) yomwe mukukhala, ndipo ya munthu amene walipira madola 7,000 imafanana ndendende ndi ya amene sanatulutse kalikonse m'thumba. Kusiyana kuli pawiri pokha: maola omwe mudzakhale pampando wa dalaivala, ndi yemwe adzakhale atakugwirani mwendo mukangolandira laisensiyo.

Pali zinthu zomwe sizisintha, kaya mulowera khomo liti. Kuyambira pa 7 February 2022, aliyense wofuna CDL ya Class A kapena Class B koyamba amayenera kudutsa maphunziro otchedwa ELDT, pa sukulu yomwe ili m'kaundula wa FMCSA, nthambi ya boma yoona za chitetezo cha magalimoto akuluakulu. Kaundulayo amatchedwa Training Provider Registry, ali pa intaneti ndipo kumuona n'kwaulere. Sukulu yomwe mulibemo, ngakhale itakuphunzitsani bwino chotani, yakudyerani ndalama, chifukwa ndi sukuluyo yomwe imatumiza dzina lanu m'kaundulamo mukamaliza, ndipo popanda dzinalo ofesi ya malaisensi siingakuyeseni. Masukulu amachotsedwamonso, choncho yang'anani tsiku lomwe mukukalipiralo, osadalira zomwe mnzanu anaona chaka chatha.

Musapusitsike komabe: kupezeka m'kaundula si umboni woti sukulu ndi yabwino. Sukulu imadzilembetsa yokha, n'kutsimikiza yokha kuti ikutsata malamulo. Ndipo lamulo la dziko lonse silinaike chiwerengero cha maola. Limangoti pa maphunziro a m'kalasi mupeze 80 pa 100 iliyonse, kenako muphunzire kuyendetsa pabwalo ndi pamsewu mpaka mphunzitsi akhutire kuti mwatha. Mawu oti "akhutire" amenewo ndi momwe masukulu a chinyengo amabisalamo. Ma state ena anatseka mpatawo paokha. Washington imafuna maola 160 kwa wofuna Class A, pomwe California imafuna maola osachepera 15 ali pachiwongolero. Kwina kulibe chiwerengero chilichonse.

Musanayambe kuyendetsa mumalemba mayeso a papepala kuti mupeze chilolezo chophunzirira, CLP, ndipo pamayenera kudutsa masiku 14 musanayesedwe pagalimoto. Wa zaka 18 angathe kupeza CDL koma n'kumayenda mkati mwa state yake yokha. Kudutsa malire ndi katundu kumafuna zaka 21. Za Class A ndi Class B sindichedwapo. Class A ndi ya thiraki yokoka thirela, zonse pamodzi zolemera mapaundi 26,001 kapena kuposa, thirelayo payokha yoposa mapaundi 10,000. Class B ndi ya galimoto yathunthu, monga yotaya zinyalala, yonyamula mchenga kapena yosakaniza simenti. Wa Class A amaloledwa kuyendetsa za Class B, koma wa B akafuna A amabwereranso kusukulu. Pokhapokha mutatsimikiza kuti mukufuna ntchito ya m'tauni yogona kunyumba tsiku lililonse, tengani A.

Njira yomwe ambiri amaidziwa ndi sukulu ya pulaiveti, yomwe ntchito yake ndi mathiraki basi. Maphunziro amatenga masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi ngati mukupita tsiku lonse, ndipo makalasi atsopano amayamba pafupipafupi, kwina sabata iliyonse. Fizi nthawi zambiri imakhala pakati pa madola 3,000 ndi 8,000, kutengera dera. Ubwino wake ndi changu ndi ufulu: mukamaliza palibe yemwe muli naye pangano, mumasankha nokha kokagwira ntchito, ndipo makampani ambiri amabwera pasukulupo kudzakopa ophunzira. Ena mwa makampaniwo amakubwezerani fizi yanu pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi malinga mukuwagwirira ntchito. Mukachoka, kubwezako kumangoima, simutsala ndi ngongole kwa iwo.

Vuto lake ndi lomwe ndinakumana nalo lija. Sukulu yotere imapeza phindu ikamadutsitsa anthu ambiri pa mathiraki ochepa. Choncho funso loyamba lisakhale la fizi. Funsani kuti pa thiraki imodzi pamakhala ophunzira angati, ndipo pa maola omwe akulonjezawo, ndi angati omwe inuyo mudzakhale mukuyendetsa, kupatula okhala pampando wakumbuyo kuonerera. Akayamba kuzungulira, mwamva kale yankho. Pitaninso kubwalo masana osawadziwitsa, muime pampanda mphindi makumi awiri. Mudzaona nokha ngati mathiraki akuyenda kapena theka lawo laima chifukwa lawonongeka. Funsani ngati fizi ikuphatikiza galimoto ya tsiku la mayeso, komanso kuti mukalephera mayeso koyamba, kubwereza kumadya zingati. Apa ndi pomwe sukulu yotchipa imasanduka yodula. Ndipo akakulozerani kampani yawo yobwereketsa ndalama ya fizi, werengani chiwongoladzanja kawiri musanagwire cholembera.

Makoleji a boma a m'madera, aja amati community college, amaphunzitsanso CDL, ndipo kwa ine iyi ndi njira yomwe anthu amainyalanyaza popanda chifukwa chomveka. Fizi yake kawirikawiri imakhala yotsika poyerekeza ndi ya pulaiveti, makamaka kwa okhala mu state imeneyo, ndipo maphunziro amatenga nthawi yotalikirapo, miyezi iwiri kapena teremu yonse. Kutalikako ndiye phindu lake. Kubweza thirela ya mafiti 53 si nzeru ya m'buku, ndi manja ndi maso, ndipo manja amaphunzira mwa kubwereza lero, mawa, mkuja. Mumapinda chiwongolero kumanzere, thirela n'kupita kumanja, ndipo pamatenga masiku kuti mutu usiye kukangana ndi zimenezi. Makoleji ambiri alinso ndi makalasi amadzulo kapena a Loweruka, omwe amathandiza munthu yemwe sangasiye ntchito yomwe ali nayo. Chovuta n'chakuti malo amakhala ochepa ndipo mungadikire miyezi kuti kalasi yotsatira iyambe. Kwa munthu yemwe lendi ikumuthamangitsa, kudikirako nakonso ndi ndalama.

Musanalipire ku pulaiveti kapena ku koleji, kagogodeni ku American Job Center ya m'dera lanu. Pansi pa lamulo la 2014 lotchedwa WIOA, boma limalipirira maphunziro a ntchito anthu ena omwe achotsedwa ntchito kapena amapeza zochepa, ndipo masukulu ambiri a CDL ali pamndandanda wa ovomerezeka. Mapepala ake amatenga masabata angapo ndipo si onse amavomerezedwa, koma safunsa anadya phula. Omwe anagwirapo ntchito ya usilikali kuno ali ndi GI Bill, thandizo la boma lolipirira maphunziro a asilikali akale, ndipo amene ankayendetsa magalimoto akuluakulu kumeneko angathe kukhululukidwa mayeso a pagalimoto.

Tsopano njira yomwe imakopa anthu kwambiri, yomwenso imafuna kudekha kwambiri: kuphunzitsidwa ndi kampani yonyamula katundu. Makampani akuluakulu angapo ali ndi maphunziro awoawo, monga Prime ya ku Springfield ku Missouri, Roehl ya ku Marshfield ku Wisconsin, Schneider ya ku Green Bay ndi Swift ya ku Phoenix. Dongosolo limasiyana kampani ndi kampani, koma mafupa ake ndi amodzi. Simulipira kanthu poyamba, kapena mumalipira pang'ono. Amakutumizirani tikiti ya basi, n'kukugonekani kuhotela, ena n'kumakupatsani kandalama ka chakudya kapena malipiro kumene pamene mukuphunzira. Mukakhoza mayeso, ntchito ili kale m'manja. Kwa munthu yemwe alibe madola 5,000 ndipo alibenso kokabwereka, khomo ili ndi lenileni, ndipo madalaivala ambiri abwino analowera pomwepa.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Maphunzirowa si mphatso, ndi ngongole yomwe mumabweza ndi nthawi yanu. Mumasaina kontirakiti yoti mudzagwira ntchito pakampanipo kwa nthawi yakutiyakuti, nthawi zambiri pafupifupi chaka, kapena mpaka mutayenda mamailosi akutiakuti. Mukachoka nthawiyo isanakwane, fizi imakhala pamutu panu. Apa ndiye werengani mzere ndi mzere, chifukwa makontirakiti sali ofanana. Ena amachepetsa ngongoleyo mwezi uliwonse womwe mwagwira. Ena amaisiya yathunthu mpaka tsiku lomaliza, moti wochoka m'mwezi wa khumi ndi chimodzi amalipira ngati wochoka m'mwezi woyamba. Ena amakudulani pamalipiro sabata iliyonse. Funsani kuti chimachitika n'chiyani mukalephera mayeso, mukadwala, kapena iwo eni akakuchotsani ntchito. Funsaninso ngati hotela ndi basi zija zikuwonjezedwa pa ngongole. Wolemba anthu ntchito wa pafoni uja amalankhula mokoma chifukwa ndi ntchito yake. Zomwe wanena pakamwa zikapanda kupezeka papepala, ndiye kuti sananene.

Chaka chimamveka chachifupi muli pa sofa. Muli m'thiraki sichifupika. Ntchito zomwe makampaniwa amapatsa atsopano zambiri ndi za maulendo ataliatali, masabata awiri kapena atatu osaona kunyumba. Lamulo limalola kuyendetsa maola 11 mkati mwa maola 14, kenako kupuma maola 10, ndipo osapitirira maola 70 pa masiku asanu ndi atatu. Malipiro ambiri amawerengedwa pa mailosi, kotero tsiku lomwe mwakhala maola asanu pageti la fakitale kudikira kuti akupakireni katundu, wotchi ya lamulo ija ikuyenda koma matayala sakuzungulira. Munthu yemwe analipira yekha sukulu akaona kuti pano sizikuyenda, amafufuza kwina. Wa kontirakiti amaluma mano n'kuwerenga miyezi. Ndipo pali ena omwe amazindikira m'mwezi wachiwiri kuti moyo wa pamsewu suwayanja n'komwe, mwina mkazi kapena mwamuna kunyumba watopa, mwina thupi likukana kugona m'galimoto. Amenewo amatuluka ndi ngongole ya ntchito yomwe sakuifunanso.

Ndinene mwapadera za chinthu chimodzi chomwe chimabwera pambuyo pake. Mukatha miyezi ingapo, wina adzakuuzani kuti mungathe kukhala "mwini thiraki" polipira pang'onopang'ono kuchokera pamalipiro anu. Munthu yemwe sanathe chaka pamsewu asayandikireko. Mafuta, inshuwalansi ndi kukonzetsa zimasamukira kwa inu, pomwe yemwe amasankha katundu woti munyamule akadali yemweyo amene mukumulipira thirakiyo.

Pali njira ina yachete yomwe siilengezedwa kwambiri. Makampani onyamula katundu wosakanikirana wa makasitomala ambiri, monga Old Dominion, XPO ndi FedEx Freight, amaphunzitsa antchito awo a m'nyumba zosungira katundu kuti akhale madalaivala. Mumayamba ndi kupakira ndi kutsitsa katundu ndi forklift, kagalimoto konyamulira katundu m'mwamba, mukulandira malipiro a pa ola, kenako mpata ukapezeka amakuphunzitsani. Imachedwa, ndipo ntchito yopakira katundu usiku m'nyengo yozizira si yamasewera, koma mapeto ake kawirikawiri ndi ntchito yobwerera kunyumba tsiku lililonse kapena pafupifupi, yomwe omaliza sukulu zina amaisaka kwa zaka. Kwa munthu wa ana aang'ono, ine ndikanayamba kufunsa kumeneku.

Mudzaonanso zotsatsa za maphunziro a ELDT a pa intaneti a mtengo wotsika kwambiri. Si zabodza, koma ndi gawo la m'kalasi lokha. Lamulo limalola kuti gawo limenelo lichitike pa kompyuta, pomwe la kuyendetsa limafuna thiraki yeniyeni ndi mphunzitsi wovomerezeka, ndipo liyenera kutha pasanadutse chaka chichitireni la m'kalasi. Makina oyerekezera kuyendetsa salowa m'malo mwa thiraki. Kugawa choncho kungakupulumutsireni ndalama ngati mwapeza kale sukulu yomwe ivomera kukuphunzitsani gawo lachiwiri lokha. Yambani mwaipeza sukuluyo.

Kaya mwasankha njira iti, funsani mtundu wa thiraki yomwe mudzayesedwere. Mukachita mayeso pa thiraki ya otomatiki, laisensi yanu imalembedwa chilembo E, kutanthauza kuti simuloledwa kuyendetsa ya magiya apamanja. Masiku ano makampani akuluakulu ambiri anasamukira ku otomatiki, choncho ena amati zilibe ntchito, ndipo masukulu a makampani ambiri amaphunzitsira otomatiki basi. Ine ndimaona mwina. Makampani ang'onoang'ono, a zomangamanga, a matanki ndi a katundu wolemera kwambiri akadali ndi mathiraki a magiya khumi, khumi ndi atatu kapena khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo ntchito zina zolipira bwino zili kumeneko. Kuchotsa chilembo E pambuyo pake kumafuna kubwereka thiraki ndi kuyesedwanso. Kuphunzira kuponda kilatchi kawiri posintha giya kumapweteketsa mwendo wakumanzere sabata yoyamba, magiya n'kumalira ngati chigayo, koma kupwetekako kumatha. Momwemonso, yemwe wayesedwa pa galimoto yopanda mabuleki a mpweya amalembedwa chilembo L, chomwe chimamutsekera pafupifupi mathiraki onse akuluakulu.

Mabuleki a mpweyawa ndi muyeso wabwino wa sukulu. Mayeso a pagalimoto ali ndi magawo atatu: kuyendera thiraki musananyamuke, kuibweza ndi kuiimika pabwalo, ndi kuyenda pamsewu. Anthu amaopa gawo lachitatu, koma ambiri amagwera pa loyamba. M'gawo loyambali muli kuyesa mabuleki a mpweya: mumakhala pampando, woyesa ali pambali ndi pepala lake, inu n'kuzimitsa injini, kumasula mabuleki oimikira, kuponda buleki ndi kugwira pomwepo mphindi yathunthu, maso ali pa geji. Pa thiraki yokoka thirela mpweya usatsike kuposa 4 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya pa gejiyo). Kenako mumapopa bulekiyo mpaka chenjezo lilire, n'kupitiriza mpaka timabatani tiwiri ta mabuleki oimikira, kachikasu ndi kofiira, titumphuke tokha. Zonsezi mukuzinena mokweza, mwandondomeko. Mukalumpha sitepe imodzi yofunika, mwalephera pomwepo, ngakhale mutadziwa dzina la bawuti iliyonse pansi pa boneti. Sukulu yabwino imakuchititsani zimenezi tsiku lililonse mpaka muzizilota. Yoipa imakupatsani pepala kuti mukaloweze kunyumba. Mukapita kukaona sukulu, kokerani pambali wophunzira wa sabata yachitatu, mum'funse kuti wachitapo kangati ndi manja ake.

Dziwaninso kuti laisensi si mapeto a kuphunzira. Pafupifupi kampani iliyonse yolemba atsopano imakukwezani ndi dalaivala wakale kwa masabata angapo, kugona m'thiraki imodzi, musanapatsidwe yanu. Ambiri mwa makampaniwa amafuna satifiketi ya maola 160 chifukwa a inshuwalansi awo amatero, ndiye kosi ya masiku khumi yomwe yakupatsani CDL mwachangu ingathe kukusiyani ndi laisensi yomwe palibe akuifuna. Imbirani makampani atatu omwe mungakonde kugwirako, muwafunse ngati amalemba anthu ochokera pa sukulu yomwe mukuiganizirayo. Foni zitatu zimenezo zimaulula zambiri kuposa tsamba lililonse la zotsatsa.

Ndipo pali zinthu zomwe zingakuimitseni musanafike n'komwe pa thiraki, zomwe sukulu ina siingakuuzeni mpaka italandira ndalama zanu. Mumafunika chiphaso cha dokotala wovomerezeka ndi FMCSA, chomwe chimagwira ntchito mpaka miyezi 24, koma BP ikakhala yokwera amatha kukupatsani cha chaka chimodzi kapena cha miyezi itatu yokha. Kayezetseni kaye. Pali kuyezedwa mankhwala osokoneza bongo, ndipo chamba, ngakhale ma state ambiri anachiloleza, kwa dalaivala wa CDL n'choletsedwabe. Kuyambira mu January 2020 zotsatira zoipa zimalowa m'kaundula wa Clearinghouse, yemwe kampani iliyonse imayenera kumuona isanakulembeni. Mbiri yanu ya pamsewu nayo imawerengedwa, makamaka kuyendetsa mutaledzera ndi matikiti a liwiro a zaka zitatu zapitazi. Lamulo limafunanso kuti dalaivala azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuyankha wapolisi ndi kumva zikwangwani, ndipo kuyambira mu June 2025 yemwe walephera zimenezi pamsewu amaimitsidwa pomwepo. Chaka chomwecho boma linayamba kukhwimitsa malamulo a CDL kwa alendo omwe alibe green card, chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Ngati muli m'gulu limeneli, ulendo wanu woyamba ukhale wa ku ofesi ya malaisensi ya state yanu, mutanyamula mapepala anu onse, mukamve kuchokera kwa iwo eni ngati angakupatseni CLP. Mlembi wa pasukulu angakuuzeni kuti "palibe vuto," koma si iye wosaina laisensi, ndipo fizi ikalowa kubweza kumavuta.